Kiyi wa bokosi la alamu anali m'kanjere

Amalonda anzanga, sabata yatha simunandione pa tsamba lino. Ndamva kuti ena mumsika mumati mkonzi wandipitikitsa, ena mumati ndathawa ngongole ya kanyenya. Zonsezo ndi mabodza. Ine ndinali kwathu kunyanja, ku Bandawe, komwe mlongo wanga anandiitana pa foni ndi mawu ngati a uthenga wa maliro.

"Achimwene, bwerani. Bokosi la alamu anu lafa. Fizi ya ana sindikudziwa kuti ichokera kuti."

Mukudziwa inu kuti munthu ngati ine ndimadya ndikalemba. Kusowa sabata imodzi ndiye kuti ndiwo za sabata imeneyo ndi mchere. Koma mlongo akalira sufunsa kawiri. Ndinakwera basi, ulendo wa mseu wa M5.

Ndikuuzeni kaye za bokosilo. Alamu anga ali ndi kachipinda pafupi ndi pa Chintheche. Mmenemo amameta tsitsi, amatchaja mafoni, ndipo pakona pali ma TV awiri ndi mabokosi awiri a magemu. Anyamata akabwera ku usodzi wa usipa mmawa, maso ali psuu ndi tulo, sapita kukagona ayi. Amayamba akhala pa benchi kumenyana mpira wa pa TV, wogonja ndiye amalipira. Masana ana asukulu akaweruka amalowa awo. Ndalama zake ndi zosaoneka, za tambalatambala, koma zikaunjikana mwezi wonse ndi zomwe zimagula yunifomu, sopo ndi shuga pakhomo paja.

Mabokosiwo ndi Xbox yoyambirira yeniyeni, yakuda, yokhala ndi chizindikiro chobiriwira pamwamba. Kampani ya Microsoft inaitulutsa ku America mu 2001, ku Ulaya mu 2002. Ndi chimphona cholemera pafupifupi makilogalamu 4, wakuba sangathamange nacho patali. Azungu anazitaya kalekale, ife ndiye tikuzitola mu katundu wa kaunjika, ndipo poti mapulagi a ku Britain ndi ofanana ndi athu, umangofika ndi kulumikiza.

Tsiku lina madzulo magetsi anathima ndi kubweranso mwadzidzidzi. Bokosi limodzi linayamba kulira mkati kuti khe! khe! khe! ngati wotchi yakale. Pa TV panatuluka mawu azilankhulo zambirimbiri ndi nambala yoti 07 pakona. Mpira osaoneka.

Alamu analinyamula kupita nalo kwa wokonza zipangizo wina mtauni. Dzina lake sinditchula, poti naye ali ndi ana. Mkuluyo anamvetsera kulira kuja nati hadi disiki yafa, zomwe zinali zoona. Anawagulitsa ina, naiika. Bokosi linakana. Nambala inangosintha, kuchoka pa 07 kufika pa 05. Anayesa disiki ina, chimodzimodzi. Pomaliza anapukusa mutu nati, "Bwana, bolodi yapsa iyi. Kagulani lina." Ndalama ya disiki sanabweze, ya ntchito analandira, ya basi inapita. Alamu anabwerera kumudzi atasenza mtembo wa bokosi pamutu.

Apa ndi pomwe pakulowa msuweni wanga.

Mnyamata ameneyu analemba mayeso a Fomu 4, anakhoza, koma malo a ku yunivesite sanapezeke. Amakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kathebulo, kukonza mawailesi, matochi, mafoni ndi nyali za asodzi. Anthu amamutcha "injiniya" momuseka. Usiku akagula kabandulo ka intaneti, anzake akuonera mavidiyo a nthabwala, iye amawerenga zinthu zomwe ine ndi Chingerezi changa cha unyuzi sindizimva.

Nditafika ndinamupeza atalitsekula kale bokosilo, alamu ataima pambali ngati munthu wodikira kunja kwa chipinda cha opaleshoni.

"Alamu, bolodi ili bwinobwino," anatero mnyamatayo. "Vuto ndi loti bokosi ili linakwatira pa tchalitchi. Silifuna mkazi wina."

Tinaseka, koma atalongosola tinaona kuti akunena zoona. Ndiyesa kukufotokozerani monga anandifotokozera ine, mwina mawa zingathandize mwana wanu.

Hadi disiki ili ngati sitolo yosungiramo katundu. Mmenemo ndi momwe mumakhala mapulogalamu oyendetsa bokosi komanso zomwe osewera asunga. A Microsoft pofuna kuti anthu asamaseweretse za mkatimo, anaika loko pa disiki iliyonse, ndipo bokosi lililonse lili ndi kiyi wakewake. Ukayatsa, bokosi limayamba latsekula loko uja. Disiki ikapanda kuyankha, limalemba 07. Ukaikamo disiki yachilendo yopanda loko, limaikana ndi kulemba 05. Ikakhala ndi loko wa bokosi lina, limalemba 06. Nchifukwa chake mkulu wa mtauni uja akanatha kuyesa madisiki mpaka Khirisimasi osaphula kanthu.

Nanga kiyiyo amakhala kuti? Msuweni anandilozera ndi nsonga ya sikuludiraiva kanthu kakuda pa bolodi, ka miyendo 8, kosaposa njere ya chimanga. Dzina lake akuti EEPROM. Ndi kachipangizo kosunga zinthu komwe sikaiwala ngakhale magetsi athime zaka. Totere timapezekanso mu ma TV, mu mawailesi amakono ndi mu magalimoto. Aka ka mu Xbox kamasunga mabaiti 256 okha. Baiti imodzi ili ngati chilembo chimodzi, ndiye kuti zonse za mmenemo sizingadzaze ngakhale mauthenga awiri a SMS. Koma mu zochepazo muli nambala ya bokosi, muli chizindikiro cha dera lomwe analipangira, ndipo muli kiyi uja, wa mabaiti 16. Fizi ya ana a mlongo wanga inali itatsekeredwa mu mabaiti 16.

Bokosi likakhala lamoyo pali njira zokopera kiyiyo pogwiritsa ntchito bokosi lomwelo. Koma likafa disiki usanakopere, pamafunika kukalankhula ndi kanjere kaja pamaso ndi pamaso. Ndiye msuweni anali atapanga chida chake.

Chidacho mutachiona mungachitaye ku dzala. Ndi kabolodi kotalika ngati chala, dzina lake Arduino Nano, komwe mnzake wina wa ku Joni anamutumizira pa basi pamodzi ndi zotsalira za mafoni. Anakaika mu kabokosi ka sopo, naboola pambali kuti mawaya atuluke. Mawayawo anasenda ku chingwe chakutha cha tchaja.

Arduino inayambira ku Ivrea, mdziko la Italy, mu 2005. Aphunzitsi a pasukulu ina kumeneko ankafuna kanthu kotchipa koti ophunzira omwe si mainjiniya azipangira zinthu zoyendera magetsi. Chabwino chomwe anachita ndi choti mapulani ake sanabise, aliyense ndi wololedwa kupanga kake. Nchifukwa chake lero mafakitale a ku China amapanga tambirimbiri pa mtengo wotsika. Pakati pa kabolodiko pali kakompyuta kathunthu kokhala mu kachitsulo kamodzi, kopanda sikirini, kopanda kiyibodi. Umakalembera malamulo pa laputopu, kukatumizira pa chingwe, ndipo kamachita ntchito imodzi yomweyo osatopa, osapempha alawansi. Ena amakatuma kuyatsa pampu ya madzi, ena kuyeza kutentha kwa mazira mu chofungatira. Msuweni anakatuma kukafunsa kiyi.

Mawaya ake ndi atatu basi. Njira yolankhulirana imeneyi inapangidwa ndi kampani ya Philips mu 1982, dzina lake I2C. Waya mmodzi ali ngati ng'oma, amaimba kugunda kuti onse aziyendera limodzi. Wachiwiri ndiye amanyamula mawu, kachidutswa kamodzi pa kugunda kulikonse. Wachitatu ndi wa pansi, wolumikiza zida ziwirizo kuti zikhale pa mulingo umodzi. Pa mawaya omwewo pamakhala tizipangizo tingapo, koma kalikonse kali ndi nambala yake ngati mabenchi a mumsika. Ukaitana nambala ya kanjere kaja, ndi iko kokha komwe kamayankha, ena onse amakhala chete.

Musaganize kuti zinayenda ngati mmene ndalemberamu. Tinakhala masiku atatu.

Tsiku loyamba magetsi kunalibe, chowotcherera mawaya chili zii. Tinakhala pa khonde kudya kondowole ndi usipa, alamu akungoyang'ana kunyanja.

Tsiku lachiwiri anawotcherera mawaya pa timabowo ta pa bolodi, dzanja likunjenjemera poti timabowoto ndi toyandikana ngati mano a chipeso. Laputopu tinabwereka kwa aphunzitsi ena a pafupi. Anadina. Palibe chinabwera. Anadinanso. Zii. Alamu anayamba kutsokomola chitsokomolo chija cha munthu amene akufuna kunena kuti "ndinanena ine". Patapita ola lathunthu mnyamata anadzimenya pamphumi: anali atasinthanitsa waya wa ng'oma ndi waya wa mawu. Anakonza, koma sizinathekebe. Dzuwa linalowa.

Usiku umenewo anagulanso bandulo ndi ndalama yanga. Mmawa anabwera akumwetulira. Kanjere kaja kakakhala pa bolodi kamadya magetsi a bokosi lomwelo, choncho bokosi liyenera kukhala loyaka pomwe ukukafunsa. Dzulo lake ankagogoda pa khomo la munthu wogona.

Pano ndichenjeze, makamaka inu achinyamata amene mwayamba kale kuyang'ana sikuludiraiva. Mkati mwa bokosi limeneli, mbali yolandira magetsi ili poyera, ilibe chivundikiro. Magetsi a mnyumba ndi mavoti 230, sachita nthabwala. Msuweni anaphimba mbali imeneyo ndi pulasitiki yolimba, anathamangitsa ana onse, ndipo sanalole wina aliyense kuyandikira. Ngati sudziwa chomwe ukugwira, funsa. Safunsa anadya phula.

Anayatsa bokosi. Nambala 05 ija inabwera pa TV monga mwa masiku onse. Anadina pa laputopu. Ndipo taonani, mizere ya manambala ndi zilembo inatsika pa sikirini, mizere 16, uliwonse wa mabaiti 16.

Alamu anati, "Ndiye zimenezi ndi chiyani? Tidziwa bwanji kuti si zinyalala?"

Funso labwino, ndipo yankho lake ndi lomwe linandigwira mtima. Mnyamata sanakangane nawo. Anawerenga kanjereko katatu, nafananiza, zonse zinali chimodzimodzi. Kenaka anati, "Alamu, tembenuzani chivundikiro cha pansi, muwerenge nambala ili pa kapepalapo." Kiyi weniweni amakhala wobisika mu manambala osokonezedwa dala, koma nambala ya bokosi imalembedwa poyera. Alamu anayamba kuwerenga mokweza, manambala 12, mnyamata akulozera pa sikirini ndi chala. Imodzi ndi imodzi, mpaka yomaliza, zonse zinagwirizana.

Mlongo wanga analulutira ngati pa chinkhoswe.

Zotsalazo zinali ntchito ya madzulo amodzi. Pali mapulogalamu omwe anthu okonda mabokosi akalewa analemba ndi kuwagawa ulere. Ukawapatsa mabaiti 256 aja, amakonza disiki yatsopano ndi kuiika loko wogwirizana ndi bokosi lako. Disiki yomwe alamu anagula mtauni ija, yomwe inkaoneka ngati ndalama yotayika, ndi yomweyo inagwira ntchito. Analumikiza pa kompyuta yakale ya pa thebulo, poti madisiki amenewa ndi a chingwe chotambalala chamakedzana, natengera mafailo oyendetsa bokosi ku bokosi lachiwiri lija. Pofika 8 koloko usiku chizindikiro chobiriwira chinavina pa TV, ndipo anyamata omwe anali pa windo anakuwa ngati Flames yagoletsa.

Koma si zonse zinabwerera. Zomwe zinali mu disiki yakufa ija zinapita nayo. Anyamata anali ndi ligi yawo yomwe anaisewera miyezi yambiri, matimu omwe anawamanga okha, zonsezo zinathera pomwepo. Mmodzi anatsala pang'ono kulira. Kiyi anapezeka chifukwa kanjere kanali kamoyo. Za mu disiki zinatayika chifukwa panalibe amene anazikopera pena.

Msuweni sanadikire kuti wina amuuze. Mmawa mwake anatsekula bokosi lachiwiri, lamoyolo, nakopera kiyi wake lisanadwale. Ali mkatimo anapeza matenda ena: kachipangizo kosunga nthawi, kooneka ngati kambiya, kanali katayamba kuchucha madzi omwe amadya njira za pa bolodi. Ndi nthenda yodziwika ya mabokosi amenewa kupatula mtundu womaliza. Anakazula, napukuta malowo ndi sipiriti. Mafailo awiri aja anawasunga pa fulashi, pa foni yake, ndi pa imelo. Kenaka anachita chinthu chomwe chinandiseketsa poyamba: anapatsa mlongo wanga kope ndi cholembera kuti alembe manambala onse ndi dzanja. Kopelo lili mu sutikesi, pamodzi ndi setifiketi ya ukwati.

Tsopano imvani pomwe tinakangana. Ntchito itatha alamu anatuma mwana kukagula Fanta ndi mabanzi awiri, ati ndiwo malipiro a injiniya. Ine ndinati ayi. Munthu wa mtauni amene analephera munamulipira osatsutsa, poti ali ndi shopu ya galasi ndi chikwangwani. Mwana wa pakhomo amene wadzutsa bokosi mukumupatsa banzi? Alamu anati ndi wachibale. Ndinati wachibale naye amagula bandulo. Tinamvana kuti azilandira kenakake mwezi uliwonse, iye aziyang'anira mabokosi onse awiri. Mchitidwe uwu tili nawo tonse, ngakhale inu mumsika: luso la mwana wa kwanu mumaliyesa la ulere mpaka tsiku lomwe adzapite ku Joni, ndiye mudzayambe kudandaula kuti kuno kulibe amisiri.

Ndipo Bandawe si malo oti luso lizidabwitsa anthu. Mu 1881 Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia pano kuchoka ku Cape Maclear, ndipo Atonga anailandira sukulu ndi manja awiri. Mu 1894 likulu linakwera ku Khondowe, komwe anyamata ankaphunzira ukalipentala, kusindikiza mabuku ndi ntchito zina zamanja. Ana a kunyanja kuno anadzaza maofesi ndi migodi mpaka kumwera kwa Africa. Clements Kadalie, yemwe anayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919, anali mwana wa mudzi wa Chifira, kufupi ndi Bandawe pompano. Mitu ilipo kuyambira kale. Ndipo si kunyanja kokha: William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anapanga magetsi a mphepo ndi zitsulo zotola ku dzala ali mnyamata wosiyira sukulu panjira, anthu akumunena kuti wapenga. Chomwe chimasowa ndi munthu woti awakhulupirire asanatchuke.

Mwina mukuti, ife ogulitsa tomato ndi kaunjika, za magemu zikutikhudza pati? Zikukhudzani pa thumba penipeni.

Aliyense wa inu ali ndi kanjere kake. Kwa ena ndi kope la ngongole lija limagona pansi pa benchi, momwe muli maina a onse anatenga katundu kuti adzalipira pakutha pa mwezi. Kwa ena ndi foni, momwe muli manambala a amene amakutumizirani mbatata kuchokera ku Ntcheu, mpunga kuchokera ku Karonga, ndi mauthenga osonyeza kuti munalipira. Kwa amayi a banki mkhonde ndi buku limodzi lomwe mlembi amasunga kunyumba kwake. Funso langa ndi ili: chimenecho chikapsa usiku uno, mawa mudzayambira pati?

Misika yathu yakhala ikupsa, inu mukudziwa bwino kuposa ine. Katundu akapsa munthu umalira, abale amasonkha, umayambiranso. Koma kope la ngongole likapsa, amene anakukongola amasanduka oiwala onse tsiku limodzi. Ndipo moto susankha osaphunzira okha. Mu December 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, mabuku masauzande ambiri anasanduka phulusa mmawa umodzi. Ngati zinachitika pa yunivesite, benchi yanu ndi ndani?

Ndiye nazi zomwe ndaphunzira pansi pa mtengo wa mango, zaulere.

Choyamba, koperani chinthu chikadali chamoyo. Loweruka lililonse potseka, jambulani masamba a kope la ngongole ndi foni. Ngati foni yanu ilibe kamera, lembani kope lachiwiri. Ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Chachiwiri, musasunge zonse malo amodzi. Kope lachiwiri likagona pa benchi yomweyo ndi loyamba, zidzapsera limodzi. Zithunzi zikangokhala mu foni, zidzapita ndi wakuba. Tumizani kwa mkazi wanu, kwa mwamuna wanu, kwa mwana amene mumamukhulupirira, kapena pa imelo. Memore khadi nayo imafa, osaidalira yokha.

Chachitatu, yesani zomwe mwasungazo, monga anachitira msuweni pofananiza nambala. Tsekulani chithunzicho muone ngati chikuwerengeka. Ambiri amadzazindikira tsiku la tsoka kuti anajambula chala chawo.

Chachinayi, manambala ofunika a pa foni alembeni mu kope la kunyumba. Koma nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni, imeneyo ndi kiyi, musailembe pa chikuto cha foni kapena pa kapepala ka mu chikwama chomwecho. Loko ndi kiyi sizigona pamodzi.

Ndisadzionetse ngati wanzeru. Chaka chatha foni yanga inatsala mu minibasi, mmenemo muli mawu a anthu omwe ndinacheza nawo mwezi wathunthu pokonza nkhani ina. Nkhaniyo simunaiwerenge, ndipo simudzaiwerenga. Ndalama yake sindinaione. Choncho pomwe mlongo wanga ankalemba manambala mu kope, ine ndinasiya kuseka msanga.

Ndabwerako ndi kathumba ka usipa wouma ndi ngongole ya bandulo yomwe msuweni akuti adzabweza akadzalemera. Pochoka ndinamusiya akuyang'ana wailesi ya galimoto ya munthu wina yomwe inadzitseka batire itachotsedwa, akuti mwina namonso muli kanjere. Ndinamuuza kuti ayambe waona makalata a galimotoyo, poti kiyi amapatsidwa kwa mwini nyumba yekha.

Kope la ngongole lija, lijambuleni lero. Tionana sabata ya mawa, ngati mkonzi sanandipitikitse zenizeni.